Werengani Chigamulo Chonse

Inu achinyamata amene mwayamba maphunziro a zamalamulo, ndikamacheza nanu ndimamva zimene mitima yanu ikulakalaka: mkanjo wakuda, ofesi ya m'tauni, kenako dzina loyamba ndi Pulofesa. Sindikukudzudzulani ayi. Makolo anu akhetsa thukuta kuti mufike pamene mulipa, ndipo ayenera kudyerera. Koma ndikufuna ndikuuzeni za munthu wina wa ku India amene zonsezo anazipeza, kuti muone chimene chinapatsa dzina lake ulemu pakati pa anthu a kwawo.

A Upendra Baxi anabadwira ku Rajkot, m'chigawo cha Gujarat, mu 1938. Zamalamulo anaphunzira ku Bombay, n'kukapitiriza ku Berkeley ku America. Anaphunzitsako ku Sydney, ndipo mu 1973 anabwerera kwawo kukakhala pulofesa pa yunivesite ya Delhi. Akhalapo mkulu wa yunivesite kawiri: ku Surat, pa yunivesite ya South Gujarat, kuyambira 1982 mpaka 1985, komanso ku Delhi konko kuyambira 1990 mpaka 1994. Mu 1996 anapita kukaphunzitsa ku Warwick ku Britain. Alemba mabuku ambiri okhudza malamulo oyendetsera dziko la India ndi khoti la Supreme la dzikolo. Maudindo onsewa ndawatchula mwachangu dala, chifukwa dzina lawo likatchulidwa, nkhani imene imabwera msanga ndi kalata ya masamba ochepa imene analemba ndi anzawo atatu mu 1979.

Kuti muimvetse kalatayo, muyenera kuyamba mwaima pa khomo la polisi ya Desai Ganj, m'chigawo cha Maharashtra, usiku wa pa 26 Marichi 1972. M'katimo munali mtsikana wamasiye wa mtundu wa Adivasi, anthu amene ku India amakhala kumapeto pa chilichonse. Dokotala amene anamuyeza pambuyo pake anati zaka zake zinali pakati pa 14 ndi 16. Sanapite kumeneko ngati wopalamula. Mchimwene wake anali atakadandaula kuti a kwawo kwa mnyamata amene ankafuna kumukwatira amubera mlongo wake, ndiye onse anaitanidwa kuti akafotokoze mbali zawo. Apolisi atatha kulemba anauza onsewo kuti azipita, koma mtsikanayo anamuuza kuti atsale. Chitseko chinatsekedwa, magetsi n'kuzimitsidwa. Abale ake anaima panja akuitana dzina lake, anthu n'kuyamba kusonkhana. Atatuluka anauza khamulo pomwepo kuti wapolisi wamugwiririra.

Khoti loyamba linamasula apolisi awiri amene anaimbidwa mlanduwo mu 1974. Jaji anati mtsikanayo ndi wabodza, ndipo poti anali atadziwa kale mwamuna, ndiye kuti anavomera. Khoti lalikulu la Bombay, litakhala ku Nagpur, linatembenuza chigamulocho. Linati munthu amene wangogonja chifukwa cha mantha sanavomere kanthu, ndipo wina linamugamula zaka 5, mnzakeyo chaka chimodzi. Apolisiwo anachita apilo. Mu Seputembala 1978, pa mlandu wa Tukaram ndi boma la Maharashtra, majaji atatu a khoti la Supreme anawamasulanso. Zifukwa zake zinali zakuti pathupi pa mtsikanayo panalibe mabala, ndiponso sanakuwe.

Chigamulocho chinasindikizidwa m'buku la zigamulo pamodzi ndi zina mazanamazana, n'kukagona pa shelefu. Panapita chaka.

Langizo langa loyamba lili pomwepa, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi limene mumalinyozera kwambiri. Werengani chigamulo chonse. Ndimakudziwani mmene mumawerengera mayeso akayandikira. Mumathamangira chidule cha pamwamba, kutenga mfundo ya lamulo, kuiloweza pamtima, basi. Masamba amene akufotokoza zimene zinachitika mumawadumpha poganiza kuti ndi nthano chabe. Komatu mfundo ya mlandu wa Tukaram mukaiika mu mzere umodzi imaoneka yaukhondo: palibe umboni woti anakana, choncho palibe mlandu. Wophunzira akhoza kulemba zimenezi n'kukhoza bwinobwino. Kuti muone kuti chigamulocho n'chovunda, muyenera kuwerenga ora limene zinachitika, kuona amene anavala yunifolomu, amene anatseka chitseko, ndi msinkhu wa amene anatsekeredwayo. Mudzifunse kuti mwana wamasiye wosaphunzira, ali m'manja mwa apolisi usiku, akanakuwira ndani, popeza amene munthu amawakuwira akagwidwa ndi omwewo anamugwira. Funso limeneli mu chidule mulibe. Limabwera kwa munthu amene wawerenga tsamba lililonse modekha, akukumbukira kuti wotchulidwa m'menemo ndi mwana wa munthu.

Mu Seputembala 1979, aphunzitsi anayi a zamalamulo, a Baxi, mayi Lotika Sarkar, a Raghunath Kelkar ndi mayi Vasudha Dhagamwar, analembera kalata yapoyera mkulu wa majaji, a Y. V. Chandrachud. Mukadzaipeza muone mmene anaimangira. Mulibe kutukwana. Anayamba ndi kuyala nkhani yonse monga mmene khotilo linailembera, kuti pasakhale wonena kuti akupotoza. Kenako anasiyanitsa kuvomera ndi kugonja, n'kusonyeza kuti majaji anasakaniza ziwirizi. Anafunsanso chifukwa chimene khoti silinadzudzule n'komwe kuitanira mtsikana ku polisi usiku, pamene lamulo la kafufuzidwe ka milandu limati mkazi azifunsidwa mafunso kunyumba kwake. Ndipo anakumbutsa khotilo mawu ake omwe: chaka chomwecho cha 1978, pa mlandu wa mayi Nandini Satpathy, amene anakhalapo nduna yaikulu ya chigawo cha Orissa, khoti lomweli linadzudzula mwamphamvu mchitidwe woitanira akazi ku polisi. Nanga lamulo limene linateteza mayi wotchuka linapita kuti pa tsiku la mwana wa Adivasi? Pomaliza anapempha kuti mlanduwo umvedwenso ndi majaji ambiri.

Umu ndi mmene munthu wophunzira amakwiyira. Mkwiyo mulimo ndithu, aliyense wowerenga amaumva, koma chiganizo chilichonse chatsamira pa lamulo kapena pa zimene khotilo linanena kale. Jaji akhoza kuipidwa nayo kalata yotere, koma kuitaya sangaitaye ngati phokoso la anthu osadziwa kanthu.

Chachiwiri, pansi pa kalatayo panali maina anayi enieni. Musachione chopepuka. Ku India, monga m'maiko ena ambiri amene anatengera malamulo a Angerezi, kuli mlandu wonyoza khoti. Komanso dzikolo linali litangotuluka kumene mu nthawi yoopsa. Kuyambira Juni 1975 mpaka Marichi 1977, boma la mayi Indira Gandhi linalamulira ndi mphamvu zapadera, anthu ambirimbiri n'kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mu Epulo 1976, pa mlandu wa ADM Jabalpur, majaji anayi mwa asanu anagamula kuti pa nthawi ngati imeneyo womangidwa alibe ufulu wopita ku khoti kukafunsa chimene wamangidwira. Mmodzi yekha, a H. R. Khanna, ndiye anakana. Mu Januwale 1977 anawadumpha pa udindo wa mkulu wa majaji umene unali wawo malinga ndi mwambo, iwo n'kutula pansi ntchito. Aliyense wa zamalamulo ku Delhi ankadziwa mtengo wa kutsutsa. A Chandrachud amene ankalemberedwa kalatawo anali mmodzi wa anayi aja. Pano ndipatukeko pang'ono: mu 2017 mwana wawo, a D. Y. Chandrachud, ali jaji wa khoti lomwelo, analemba poyera kuti chigamulo cha ADM Jabalpur chinali cholakwika. Zinatenga zaka 41.

Masiku ano ndimaona ambiri a inu mukudzudzula zigamulo pa Facebook ndi pa WhatsApp mutabisala kumbuyo kwa maina opeka. Ndikumvetsa, ntchito ndi zosowa ndipo jaji amene mwamudzudzula lero mawa mudzaima pamaso pake. Koma dziwani kuti mawu opanda mwini palibe amene amakakamizika kuwayankha. Ngati mfundo yanu ndi yoona, ikonzeni mpaka mufike poti mukhoza kuisainira osachita manyazi, ndiye musainire. Ngati simungathe kuisainira, kawirikawiri ndiye kuti simunaimalize kuiganiza. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo khoti labwino limafunika anansi otere kuposa oombera m'manja.

Tsono musaganize kuti kalatayo inapambana mlandu. Chigamulo sichinasinthe, apolisi aja anakhalabe omasulidwa, ndipo mtsikanayo chilungamo sanachione. Chimene chinachitika n'chakuti amayi anaitola kalatayo n'kuyenda nayo. Ku Bombay anakhazikitsa bungwe lolimbana ndi kugwiririra kumayambiriro kwa 1980, ndipo pa 8 Marichi chaka chomwecho kunachitika zionetsero m'mizinda ingapo. Mu 1983 nyumba ya malamulo inasintha lamulo. Kugwiririra munthu amene ali m'manja mwa apolisi, m'ndende kapena m'chipatala kunakhala mlandu wapadera wa zaka zosachepera 10. Pa milandu yotere, zikatsimikizika kuti kugonana kunachitika ndipo mkazi wanena m'khoti kuti sanavomere, khoti liziyamba ndi kukhulupirira kuti sanavomeredi, woimbidwa mlandu ndiye asonyeze kuti sizinali choncho. Milandu yogwiririra izimvedwa popanda chigulu cha anthu, ndipo kuulula dzina la wogwiriridwa kunakhala mlandu. Aphunzitsi anayi aja anapereka mfundo. Amene anagwedeza aphungu ndi amayi a m'misewu. Mukadzalemba chinthu chabwino anthu ena n'kuchinyamula kupita nacho kutali kuposa kumene inu mukanafika, musadzachite nsanje kapena kumalimbirana kuti woyamba anali ndani. Ntchito yake n'chimodzimodzi.

Kalata ina inabwera mu 1981, ndipo iyi ndi imene imaphunzitsa kupirira. A Baxi ndi mayi Sarkar atamva za mmene akazi ankakhalira m'nyumba ya boma yosungiramo akazi ku Agra, analembera khoti la Supreme. Nyumbayo inali yoti iziteteza akazi opulumutsidwa ku malonda a uhule, koma munali uve, matenda ndi kuthithikana, ena mitu itasokonezeka popanda chithandizo. Khoti, motsogozedwa ndi jaji P. N. Bhagwati, linaitenga kalatayo ngati dandaulo lenileni n'kutsegula mlandu. Maziko ake anali Gawo 32 la malamulo oyendetsera dziko la India, limene limalola munthu kupita mwachindunji ku khoti la Supreme ufulu wake ukaphwanyidwa. A B. R. Ambedkar, amene anatsogolera komiti yolemba malamulowo asanayambe kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ankaliona gawo limeneli kukhala lofunika kuposa onse. Vuto linali lakuti mkazi wotsekeredwa ku Agra sangafike ku Delhi, ndipo za Gawo 32 sanamvepo. Ndiye khoti linayamba kulola kuti wina amulankhulire. Zinayamba kale mu 1979 pamene loya wina, mayi Kapila Hingorani, anadandaulira akaidi a pa rimandi a ku Bihar, amene ena mwa iwo anali atakhala m'ndende nthawi yaitali kuposa chilango chimene akanalandira akanapezeka olakwa.

Mlandu wa ku Agra sunathe ndi chigamulo chimodzi. Unatenga zaka zambiri za malamulo a khoti, malipoti a jaji wa m'deralo amene ankapita kukayendera nyumbayo, boma kulonjeza, kusachita, n'kukumbutsidwanso. Tsiku lolemba kalata ndi lokoma, anthu amakuyamikani. Zaka zotsatira zimakhala za mafayilo, kuimitsa milandu ndi kudikira pa benchi, atolankhani atapita kale kwina. Musanayambe mlandu m'dzina la anthu osauka, dzifunseni ngati mudzakhalepobe pa chaka chachisanu. Kuwayambitsira mlandu n'kuwasiya panjira n'koipa kuposa kusawayambitsira, chifukwa mwawaonetsa kwa adani awo.

A Baxi sanachite khungu ndi khoti limene linkawatsegulira chitsekoli. Analemba poyera kuti chifundo chatsopanocho mbali ina chinali njira yoti khotilo lidziyeretse pa manyazi a 1976. A Bhagwati omwewo, bwenzi la osauka, anali mmodzi wa anayi a ADM Jabalpur. Phunzirani kugwira ntchito ndi anthu a mbiri yosakanikirana popanda kuwapembedza ndiponso popanda kuwataya.

Za mpando wa mkulu wa yunivesite sinditalikitsa. Ukadzakupezani, ulandireni, chifukwa anthu abwino akamaukana pamakhala oipa. Koma mudziwe chimene umadya. Mkulu wa yunivesite ya Delhi amasankhidwa ndi pulezidenti wa dziko, ndipo ndalama zoyendetsera sukuluyo zimachokera ku boma. Munthu amene malipiro a aphunzitsi ake ali m'manja mwa nduna amayamba kusankha mawu. Chaka chimene a Baxi anakhala pampandowo, 1990, ndi chimene boma la a V. P. Singh linalengeza mu Ogasiti kuti 27 peresenti ya ntchito za m'boma isungidwire anthu a magulu otsalira, malinga ndi lipoti la Mandal. Ophunzira a ku Delhi anadzaza misewu, ndipo mu Seputembala mmodzi wa iwo anadziyatsa moto. Chaka chotsatira chuma cha India chinagwedezeka koopsa. Udindo wa nthawi ngati imeneyo ndi misonkhano, sitalaka ndi kupempha ndalama, ndipo cholembera chimauma osazindikira. Chimene ndimasirira mwa iwo n'chakuti mlandu wa ku Agra unkayenda iwo ali mkulu ku Surat, buku lawo lina lonena za ngozi ya ku Bhopal, imene ndiifotokoza kutsogoloku, linatuluka chaka chomwe analowa ofesi ku Delhi, ndipo atachoka pampando anabwerera m'kalasi. Inunso musadzalole kuti mpando ukhale ntchito yanu yokhayo. Amene alibe kobwerera ndiye amagwada kuti asachotsedwe.

Pali chimodzi chimene sindikufuna mutengere. Mabuku awo ena ndi olemera Chingerezi, moti ngakhale loya amabwereza chiganizo kuti achimve. Kalata ya 1979 inayenda mtunda wautali chifukwa aliyense wodziwa kuwerenga ankaimva. Mukamalemba za anthu ovutika, lembani mwakuti wina akhoza kuwamasulira popanda kutuluka thukuta.

Bhopal ndiye nkhani imene imandiwawa. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, mpweya wapoizoni wa methyl isocyanate unatuluka pa fakitale ya mankhwala ophera tizilombo ya kampani ya Union Carbide mu mzinda wa Bhopal, n'kulowa m'makomo mwa anthu osauka amene ankagona pafupi. Boma la chigawo cha Madhya Pradesh linavomereza imfa 3,787, ofufuza ena amati omwalira m'zaka zotsatira anaposa 15,000, ndipo ovulala anaposa 500,000. Mu 1985 boma la India linakhazikitsa lamulo loti ilo lokha ndilo liimirire onse okhudzidwa, n'kukasuma ku New York. Kumeneko kunachitika chinthu chimene wophunzira aliyense ayenera kuchisinkhasinkha. Boma la India linauza jaji wa ku America kuti makhoti a ku India sangauthe mlandu waukulu chonchi, pamene kampaniyo inabweretsa loya wotchuka wa ku India, a Nani Palkhivala, kudzachitira umboni kuti makhoti a ku India ndi okwanira. Aliyense ankatamanda khoti limene linkamukomera m'thumba. Mu Meyi 1986 jaji John Keenan anabweza mlanduwo ku India. Boma linkafuna madola 3.3 biliyoni. Mu Febuluwale 1989, pamaso pa khoti la Supreme, linavomera madola 470 miliyoni, milandu yonse n'kuthetsedwa, okhudzidwawo osafunsidwa n'komwe. Milandu yaupandu inabwezeretsedwa mu 1991, koma chigamulo chinabwera mu Juni 2010: akuluakulu asanu ndi awiri a nthambi ya kampaniyo ku India anagamulidwa zaka ziwiri aliyense. A Warren Anderson, amene anali mkulu wa kampaniyo, anamwalira ku America mu 2014 osaimapo m'khoti la ku India. Mu Marichi 2023 khoti la Supreme linakana pempho la boma loti chipukutamisozi chiwonjezeredwe.

A Baxi anasonkhanitsa zikalata za mlanduwu n'kuzisindikiza m'mabuku kuyambira 1986, ndipo mgwirizano wa 1989 anaudzudzula kolimba. Mwa zimene ankafuna, zochepa kwambiri ndi zimene zinatheka. Ndikukuuzani izi kuti musalowe ntchitoyi mukuyembekeza kuti aliyense amene ali ndi mfundo yoona amapambana. Nthawi zina chimene mudzathe n'kusunga umboni bwinobwino kuti obwera m'mbuyo asadzauzidwe bodza. Ntchito imeneyo muigwire mosamala chimodzimodzi ndi mlandu umene mukuona kuti mupambana.

Chomaliza n'chenjezo, ndipo chikukhudza chida chomwe a Baxi anathandiza kusula. Chitseko chimene chinatsegulidwira akaidi a ku Bihar ndi akazi a ku Agra sichinasankhe wolowa. Mu 1985, pa mlandu wa Olga Tellis, khoti la Supreme linati anthu ogona m'mbali mwa misewu ya Bombay ali ndi ufulu wopeza zodyera ndipo asasamutsidwe popanda kuwamva. Pofika 2000, pa mlandu wa Almitra Patel, umene unali wokhudza zinyalala za m'mizinda, khoti lomwelo linayerekeza kupatsa malo anthu okhala m'zisakasa ndi kupereka mphotho kwa wopisa m'thumba. Mu 2004 zisakasa za ku Yamuna Pushta, m'mphepete mwa mtsinje ku Delhi, zinagumulidwa potsatira lamulo la khoti lalikulu, anthu masauzande ambiri n'kusowa pogona. A Anuj Bhuwania, m'buku lawo la mu 2017, anasonyeza kuti kufewetsa ndondomeko za khoti, kumene poyamba kunathandiza osauka, ndi komwe kunalola kuti tsogolo lawo ligamulidwe iwo kulibe, popeza pa milandu yodandaulira anthu onse khoti silinkakakamizika kuitana aliyense wokhudzidwa.

Ndiye tsiku lina munthu wovala bwino adzalowa mu ofesi yanu ndi fayilo, n'kunena kuti akusuma m'malo mwa anthu onse, kuti mzinda uyere kapena mtsinje utetezeke. Mwina adzakhala akunena zoona. Musanalembe chilichonse mumufunse kuti mukapambana, adzagona panja ndani. Akakuuzani, tsekani ofesi mupite kumeneko, mukakhale nawo pansi anthuwo, mukawauze tsiku la mlandu, ndipo mukaonetsetse kuti maina awo alembedwa m'fayilomo monga anthu oyenera kumvedwa jaji asanagamule.